Ine Sindilipira Kawiri

Lolemba

Nkhondo yayamba. Ndagula kope ili pa shopu ya pakona kuti ndizilemba mmene nditsukire dzina langa m'sabata imodzi. Adzukulu adzawerenge, adziwe kuti agogo awo sanali oseweretsa.

Nkhani yake ili chonchi. Landilodi wa fulati yathu ku Longbridge kuno akuigulitsa, watipatsa miyezi iwiri. Ife tapeza kanyumba ku Tipton: zipinda zitatu, khitchini yoti anthu awiri nkudutsana osagundana, kumbuyo kadimba kothera pa ngalande. M'mutu mwanga ndabzalamo kale mpiru. Zaka makumi awiri ndikugwira unamwino m'dziko muno, zaka makumi awiri ndikulipirira anthu ena nyumba zawo. Zakwana.

Ndiye m'mawa uno ndili ku wodi, ndangomaliza kugawa mankhwala, foni ikulira. A Broker, bambo amene akutifunira ngongole ya nyumba ku banki. Mawu awo ngati a dokotala wobwera ndi zotsatira zoipa. Akuti pa credit report yanga pali banga.

Credit report ndi fayilo ya munthu. Ili ngati fayilo ya wodwala, kungoti muno amalembamo ngongole zako zonse ndi mmene unabwezera, ndipo banki imawerenga isanakubwereke. Ine ndimayesa yanga ndi yoyera kuposa yunifolomu.

Banga lake: kontirakiti ya foni, mapaundi 412. Kampani ya foni inatopa kudikira, inalemba kuti default, ndalama yotayika, nkugulitsa ngongoleyo kwa anthu otolera ngongole. Mpaka lero pakuoneka kuti sinalipidwe.

Bodza! Bodza lamkunkhuniza!

Choyamba, foniyo sinali yanga. Inali ya Esinati. Zaka zisanu zapitazo, tikukhala ku Foleshill, anatsika ndege ndi sutikesi imodzi ndi kajekete kopyapyala, namwino watsopano, mpingo unatipempha timulandire. Munthu wofika kumene sapatsidwa kontirakiti, alibe mbiri kuno. Wina amamusayinira. Ndi mmene timachitira, inenso yanga yoyamba anandisayinira mayi ena a kutchalitchi. Ndinasayina. Analipira miyezi isanu, anapeza ntchito ku Leeds, zii.

Chachiwiri, ndinalipira! Makalata ofiira oopseza atachuluka, zaka zitatu zapitazo, ndinatenga ndalama yanga ya chipereganyu nkuthira yonse, mtima ukuwawa. Anandilembera kalata kuti nkhani yatha.

A Broker akuti: "Banga lakale lolipidwa, banki ingalekerere. Losalipidwa ayi. Mundipezere umboni pofika Lolemba likubwerali, apo ayi mwini nyumba apatsa ena."

Dongosolo langa:
1. Lachiwiri, kuimbira otolera ngongole, kuwaphunzitsa ulemu.
2. Lachitatu, kupeza lisiti ndi kalata ija.
3. Lachinayi, kutumiza kwa a Broker.
4. Lachisanu, kupuma.
5. Loweruka, kusankha makatani.
6. Lamulungu, kuimirira kutchalitchi, kuthokoza pamaso pa mpingo. Chitenje chobiriwira chija.

Bambo a Tadala, amuna anga, abwera kuchokera koyendetsa basi, amvetsera akuvula nsapato. Akuti: "Ingolipiraninso, mayi a Tadala, tipume."

Ndawayang'ana. Ine sindilipira kawiri. Ngakhale tomato pa msika.

Lachiwiri

Ndili pa ofu. Tiyi m'manja, cholembera, magalasi pamphuno. Abwere!

Nambala ya kampani imene ndinailipira ija yafa. Mawu a makina akuti sikugwiranso ntchito. Kampani inatha! Inagulitsa mabuku ake kwa kampani ina, ndipo ndi yatsopanoyi imene yandipaka banga. Kunja kuno ngongole amagula pa belo ngati kaunjika, osatsegula kuona zili mkati. Yanga yolipidwa kale inalowa m'belo momwemo.

Ndikuimbira atsopanowo. Nyimbo. Ndathira zovala m'makina. Nyimbo. Ndasenda anyezi, ndakazinga, ndathira tomato. Nyimbo yomweyo, mpaka ndayamba kuiimbira alto. Mphindi 47!

Kenako mayi wa mawu ofewa. Akufuna tsiku langa lobadwa ndi maadiresi onse kuyambira pamene ndinatsika ndege. Ndapereka. Kenako wafunsa: "Kodi mungakwanitse mapaundi asanu pa mwezi?"

Ati chani?

Ndaika kapu pansi. Ndatulutsa Chingerezi changa cha pamsonkhano wa madokotala, chija sindichitulutsa wamba. Ndamuuza izi:
- Ngongoleyi sindikuivomera.
- Ndinalipira, yonse.
- Sindipereka ngakhale peni imodzi, chifukwa ukapereka kangachepe ndiye kuti wavomera kuti ndi yako.
- Alembe kuti ndikutsutsa, andipatse nambala ya dandaulo langa, aitchule pang'onopang'ono.

Wanena sorry kasanu ndi kawiri. Ndikudziwa kuti kuno sorry ndi moni, komabe ndawerenga.

Akuti afufuza, zimatenga mpaka masabata anayi. Ndafunsa, kungoyesa chabe, kuti nanga nditalipiranso lero? Akuti kalata yotsimikiza imatuluka pakatha masabata awiri. Aha! Nzeru ya bambo a Tadala yafa yokha, ine osaikhudza. Ndikuwadikira abwere ndiwauze bwinobwino, atakhala pansi.

Ndalembanso dandaulo kwa osunga credit report. Nawonso masabata anayi. Dziko lino chilichonse ndi masabata anayi, kupatula renti.

Zigoli: ine chimodzi, iwo ziro. Umboni ulibe, koma ndayankhula. Mawa ndingotenga lisiti langa basi.

Lachitatu

Shifiti yaitali. Miyendo yatupa, koma mtima uli m'malo, chifukwa lisiti ndikudziwa pamene lili.

Ndinalipira kashi, pa shopu ya pa Foleshill Road imene amalandira mabilu. Ndalama ya chipereganyu imabwera mu envulopu, nanga ndikanaipititsa ku banki kukatani? Choncho ku banki kulibe kanthu koonetsa. Umboni wanga ndi lisiti ndi kalata. Lisiti ndinaliika m'Baibulo, pa Masalimo, pamene mbava siyang'ana.

Zimene ndapeza pa Masalimo:
- Pulogalamu ya maliro a malume.
- Chithunzi cha Tadala alibe mano.
- Kwacha ya pepala imene kumudzi anasiya kale kugwiritsa ntchito.
- Lisiti!

Ndalitambasula. Loyera mbuu. Palibe chilembo, palibe nambala, palibe ngakhale dzina la shopu. Inki inauluka. Ndaliyang'ana pa windo, pa babu, ndi magalasi, opanda magalasi. Pepala chabe.

Tadala, mwana wanga wobadwira kuno, wangobwera kuchokera ku ntchito yake ya ku famase, waima pakhomo ndi chikwama paphewa. "Mum, you kept it in Psalms?" Ndamuuza kuti akasambe m'manja asende mbatata.

Bambo a Tadala akuti anamva kwa anzawo ku ntchito kuti lisiti lotere ukalitenthetsa pang'ono, zilembo zimabwerera. Ndakana. Akakamira. Atenga simbi. Aika "pang'ono". Asindikiza.

Lisiti lonse bii! Lakuda ngati kunsi kwa mphika.

Aima ndi simbi m'manja. "Zilembo zabwera, kungoti zabwera zonse pamodzi." Sindinaseke. Tadala waseka m'malo mwanga, mpaka wagwira khoma.

Chabwino. Kwatsala kalata. Ndatsitsa sutikesi ya pamwamba pa wadiropu, ya mapepala ofunika. Muli masatifiketi, mapasipoti akale anayi, kalata ya ukwati, waranti ya maikolowevu imene tinataya kalekale, ndi nsalu ya mayi anga. Kalata ya otolera ngongole mulibe. Ndayang'ana m'madirowa a kukhitchini, pansi pa matiresi, m'matumba a makhoti onse. Ndapeza mapaundi asanu ndi maswiti a chifuwa.

Dongosolo lasintha pang'ono, si kugwa ayi, kusintha. Ndakumbuka kuti tsiku limene kalatayo inafika ndinaijambula nkumutumizira Esinati, kuti aone, achite manyazi. Foni yanga ya nthawi imeneyo inagwera m'sinki ya ku wodi. Koma yake, imene ndinamulipirira ine, chithunzi chiyenera kukhalamo. Mawa Esinati.

Lachinayi

Nambala yake yatsopano ndaipeza kwa mayi ena a m'kwaya. Pa chithunzi cha foni waima kutsogolo kwa galimoto yonyezimira, makiyi m'mwamba, pansi walemba vesi. Mulungu ndi wabwino, ndithu. Makamaka kwa ena.

Ndaimba pa bureki ya masana, ndili m'kachipinda ka manamwino, sangweji pamwendo.

"Iii, anti! Mwasowatu! A ankolo ali bwanji? Tadala wakula eti?" Mphindi khumi za moni. Ndayankha zonse mwaulemu, mayi anga anandilera. Kenako ndalowa m'nkhani. Ndamuuza kuti sindikufuna ndalama yake, ndikufuna chithunzi cha kalata basi.

Wayankha:

"Anti, zakalekale zija? Ine ndinazisiya m'manja mwa Ambuye. Foni ija ndinatumiza kumudzi."

Ndayamba kumuuza kuti m'manja mwa Ambuye sizinafike, zinathera m'manja mwanga. Akuti netiweki. Akuti sakundimva. Foni yaduka. Ndayang'ananso, chithunzi cha galimoto chasowa. Wandibuloka! Ine amene ndinamuphunzitsa kukwera basi ya nambala yoyenera, ine amene ndinamugulira magolovesi ake oyamba!

Ndadya sangweji ndi ukali. Ndabwerera ku wodi, ndayeza BP ya odwala asanu ndi mmodzi, yanga sindinayerekeze.

Pofika madzulo nkhani yamwazika. Mayi a m'kwaya aja anafunsa Esinati kuti anti amakufunanji, Esinati anafotokoza mwa njira yake. Tsopano foni yanga ikungolira:
- "Tamva za vuto lija, tikukupemphererani."
- "Asatenge katundu wa m'nyumba, mubweretse TV kwathu tikusungireni."
- Mayi ena a mumpingo mwathu, a ku Chipata: "Osadandaula mama, nkhongole ni ya tonse."
- Mlembi wa chigwirizano akufunsa ngati andiike pa mndandanda wa mapemphero a Lamulungu, pakati pa odwala ndi a mayeso.

Koma abale! Ine msungichuma wa amayi zaka zisanu ndi chimodzi, peni osasowa! Ndayankha onse mawu amodzimodzi: "Zikomo, ndinalipira." Palibe wakhulupirira. Wina wanditumizira manja opemphera atatu.

Zigoli sindikulembanso. Koma ndikhale ndanena: pa foni paja ine sindinatukwane.

Lachisanu

Pa dongosolo lero ndi tsiku lopuma. Hede!

A Broker aimba m'mawa. Anthu ena akaonanso nyumba ya ku Tipton mawa. "Pepala, mayi. Popanda pepala manja anga ndi omangika."

Ndakhala pa tebulo, khadi la ku banki m'manja, nambala ya otolera ngongole pa foni. Ndikudziwa kuti kulipiranso sikufulumizitsa kanthu, komabe chala chikuyabwa, mwina kungofuna kuchita chinachake. Ndaliyang'ana khadi. Ndalibweza m'chikwama. Ayi. Nyumba ipite, koma kawiri ayi.

Ndalira pang'ono, ndisaname. Kope ili ndi langa. Mpiru wanga uja ndinali nditauthirira kale m'mutu.

Kenako ndati kulira sikupakira katundu. Kaya ndi ku Tipton, kaya ndi ku renti ina, m'fulati muno tituluka basi. Ndatenga katoni. Ndayamba ndi makapu. Ine mapulasitiki ophulikaphulika okulungira zinthu aja sindigula, pepala ndi pepala. Ndatambasula dzanja pa mulu wa makalata akale, a nkhani zotha, ndatenga imodzi, ndaikulunga pa kapu, ndapinda m'kamwa mwa kapu monga ndimachitira nthawi zonse.

Dzanja laima lokha.

Mayo ine!

Chaka chimene ndinalipira chija ndi chaka chimene tinasamuka ku Foleshill. Chaka chomwecho tinatumiza diramu kumudzi, labuluu, la pa sitima. Mkati ndinaikamo makapu anga a tiyi, oyera a mkombero wagolide, khumi ndi awiri, ndi timbale take, ndi tipoti, oti ndidzamwere ndikadzapuma pa ntchito. Ndinakulunga ndi chiyani? Makalata a nkhani zotha. Ndipo kalata ija inanena yokha kuti nkhani yatha.

Kalata yanga ili ku Kasungu! Yakumbatira kapu!

Ndavina ndekha m'khitchini ndi katoni m'manja. Kenako ndakumbuka zotsala, ndakhala pansi.

Diramulo lili kuchipinda kwa achemwali anga aakulu, a Agnesi. Lili ndi loko. Kiyi wake ali pano, pa mphete ya makiyi anga, ku Longbridge. Ndinalamula ndekha kuti asatsegule munthu mpaka ndidzabwere. Chaka chatha, pa chinkhoswe cha mwana wawo wamwamuna, anandipempha makapuwo kuti alandirire akuchikazi. Ndinakana. Ndinati aswa. Miyezi itatu sitinayankhulane, mpaka lero moni wathu ndi wowonda.

Bambo a Tadala amva zonse. Akuti: "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Ndikudziwa. Sindinawafunse. Ndatumiza uthenga ku Kasungu, wautali, woyamba ndi "Achemwali anga okondedwa". Awerenga. Ayankha mawu amodzi: "Mawa."

Loweruka

Makatani adikire.

Teni koloko, foni ya kanema. Achemwali akhala pa mpando pakhonde, avala duku la kutchalitchi, manja pamiyendo. Akonzekera. Moni wa aliyense, mmodzimmodzi, mpaka mbuzi. Ndafotokoza. Amvetsera akugwedeza mutu.

"Diramu liti? Lija losatsegula lija?"

Ndati lomwelo.

"Lija la makapu oti ife a ku Kasungu tingaswe?"

Ndati achemwali, ndinalakwa, pakamwa panga mumapadziwa. Akuti sanamve, netiweki. Ndabwereza mokweza. Netiweki yabwerera pomwepo.

Alamu agubuduza diramu mpaka pakhonde. Loko amumenya ndi nyundo, kachitatu wagwa. Phokoso laitana anthu. Ndikuona mitu ikusuzumira m'mbali mwa foni: mayi a nyumba yoyandikana, mayi ogulitsa mandasi, aphunzitsi ena opuma pa ntchito amene amangodutsa. Onse akhala pansi ngati pali kanema.

Bando ya intaneti yawathera. Ndatumiza ndalama ya bando. Tayambiranso.

Achemwali sakuthamanga. Akutulutsa kapu imodzi, kuivula pepala, kuiyang'ana pa dzuwa, kuiika pa mkeka, kenako kusalaza pepala pa bondo nkupatsira aphunzitsi aja kuti awerenge mokweza, ndi kumasulira.

Kapu yoyamba: chindapusa choimika galimoto pamalo olakwika. "Aa, ndiye amagwidwanso eti?"
Yachiwiri: bilu ya magetsi.
Yachitatu: kalata ya kusukulu, yoti Tadala amachedwa m'mawa. Tadala wafuula ali kuchipinda kuti zinali zakale.
Yachinayi: kalata ya dokotala wa mano ya bambo a Tadala. Kasungu yense tsopano akudziwa kuti awiri a kutsogolo si awo.
Yachisanu: peyisilipi yanga, pepala la malipiro.

Ndakuwa kuti imeneyo isiyeni! Mochedwa. Aphunzitsi awerenga kale, atulutsa foni, akuchulukitsa m'makwacha. Atchula. Kenako mayi a mandasi: "Pa mwezi?" Ndayesa kufotokoza za renti, za msonkho, za gasi. Palibe akumva. Achemwali angondiyang'ana, maso aja a pamene tinali ana ine nditabisa chimanga chokazinga.

Magetsi kwawo azima kuyambira m'mawa, foni yawo yatsala pang'ono kufa. Ndikupempha afulumire. Makapu khumi ndi awiri atha. Kulibe. Timbale khumi ndi tiwiri tatha. Kulibe. Tipoti wakulungidwa ndi nyuzipepala ya mpira. Bambo a Tadala ayamba kale kusisita msana wanga ngati pa maliro.

Achemwali alowetsa mkono mpaka paphewa. Atulutsa kanthu kakang'ono. Chivindikiro cha tipoti. Pepala lake ndi theka, long'ambika pakati.

Aphunzitsi akonza magalasi. Dzina langa. Adiresi ya ku Foleshill. Nambala ya akaunti, yofanana ndendende ndi imene ili pa credit report. Ndaimirira! "Pitirizani, aphunzitsi!" Akuti pathera pomwepo, kunsi kulibe.

Kunsi ndiye kofunika! Ndine amene ndinang'amba, ndikukumbuka tsopano, chivindikiro chinali chaching'ono, ndinati kuwononga pepala lonse bwanji?

Foni yawo yalira kuti batire. Ndikukuwa ngati ndili pa msika: shuga! Kambale ka shuga! Achemwali apendeketsa diramu, alamu akugwedeza. Katuluka, kakulungidwa m'sokosi ya bambo a Tadala. Mkati mwake kapepala kofinyidwa.

Aphunzitsi asalaza. Atsokomola. "Paid in full. Account closed." Atembenukira ku gulu. "Akuti analipira zonse, mlandu unatha."

Nthungululu! Ku Kasungu ndi ku Longbridge nthawi imodzi! Mzungu wa fulati ya pansi wagogoda denga ndi tsache, ndamuyankha ndi chidendene. Ndalipira kamodzi! Kamodzi kokha, ndipo dziko lamva!

Achemwali alumikiza matheka awiri pa mkeka, atsindika ngodya zinayi ndi makapu anga, ajambula. Chithunzi chafika. Foni yawo yafa pomwepo, osatsanzikana.

Ndatumiza kwa a Broker, ndatumiza kwa otolera ngongole ndi nambala ya dandaulo, ndatumiza kwa osunga credit report. Ndatumizanso ku gulu la amayi, popanda mawu ena, chithunzi chokha.

A Broker ayankha tisanadye nkhomaliro: "This will do. Nice cups."

Lamulungu

Chitenje chobiriwira ndavala. Kutchalitchi ndaimirira, ndakonza mfundo zisanu. Ndangofika pa yachiwiri, woyendetsa mapemphero wayambitsa kolasi. Potuluka mayi a ku Chipata andikumbatira, akuti mapemphero awo ndi amene agwira ntchito. Mlembi sanandichotse pa mndandanda, ndatchulidwa pakati pa odwala ndi a mayeso. Ndangoti ameni.

A Broker alemba zambiri lero. Mawa akutumiza mapepala ku banki, ndipo mwini nyumba wavomera kutidikira. Koma banga silichoka. Lingosintha, lilembedwe kuti linalipidwa, nkukhalabe pamenepo mpaka zikwane zaka zisanu ndi chimodzi kuchokera pamene linalembedwa. Kwatsala chaka. Chiwongoladzanja chikwera pang'ono chifukwa cha ilo. Ndinati nditsuka dzina m'sabata imodzi. Ndangolipukuta. Chabwino, mpiru sufunsa credit report.

Zimene nkhondoyi yandidyera:
- Lisiti limodzi, lopsa.
- Loko mmodzi. Kiyi wake akadali pa mphete yanga, sindikudziwa chifukwa chake.
- Makapu khumi ndi awiri. Chithunzi chafika m'mawa: achemwali, alamu, aphunzitsi ndi mayi a mandasi, aliyense kapu ya mkombero wagolide m'manja, kachala m'mwamba. Pansi alemba: "Palibe yasweka." Sindinapemphe kuti awabweze m'diramu. Ndilibe pakamwa.
- Chinsinsi cha malipiro anga. Mauthenga asanu ndi anayi kuyambira dzulo: malata, fizi, feteleza, ndi munthu wina amene akuti tinaimbira limodzi kwaya ya Sande sukulu.

Makatani sindinasankhe. Makapu otsala ndakulunga ndi masokosi. Kalata ija ndasindikiza makope atatu, limodzi ndaika mu felemu.

Masana, uthenga wa mawu wochokera kwa achemwali, mphindi zisanu ndi imodzi. Mawu okoma, a munthu amene wamwa tiyi wabwino. Akuti Yankho, mwana wawo wamkazi, namwino, mapepala ake atheka, wapeza malo pa chipatala china cha kufupi ndi Tipton komweko. Akubwera dzinja lino. "Tamva kuti zipinda ndi zitatu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji wa mkulu wako." Chipinda chachitatu chija ndinati chidzakhala changa, cha makina osokera ndi mpando wotambasulira miyendo. Ndamvetsera mpaka kumapeto, ndipo kumapeto kwenikweni, atatsanzika kale: "Akutinso foni kumeneko imavuta kwa wofika kumene, pamafunika womusayinira."

Ndatseka maso. Ndatsegula. Ndayankha kuti abwere, mwana ndi wathu. Ndikamulandira ku bwalo la ndege ndi jekete lenileni. Ndimuphunzitsa mabasi, ndimugulira magolovesi, ndimutengera ku banki akatsegule akaunti yakeyake ayambe mbiri yake. Ndatsegula dirowa, ndatulutsa foni yakale ya Tadala ya galasi long'aluka pakona, yothira mayunitsi.

Bambo a Tadala akuseka pa sofa, mano awo ogula ali pamtunda. "Tidzaona akadzafika, mayi a Tadala. Inu mtima wanu timaudziwa."

Aseke. Foni ija ndaiika kale pa chaja. Chipinda atenge, bulangete atenge, mpiru adzathyole mmene angafunire. Dzina langa lokha ndilo sindibwereketsanso.